Shifiti ya Usiku ku Booysens

Dzinkambani, yamba wavala magolovesi,
mafunso abwere pambuyo.
Ichi ndi chikombole. Usaseke.
Ndadziwa, wakumbuka cha njerwa chija
tinkaponyamo dothi ku Chirimba
n'kusalaza ndi dzanja.
Nzeru yake ndi yomweyo,
kungoti ichi n'chachitsulo, chili pawiri ngati zikhatho,
ndipo chikatsekana, matani mazana asanu ndi atatu
amachigwira kuti chisayasamule.

Uko ndi kung'anjo.
Aluminiyamu amalowa ali zidutswa zotuwa,
amatuluka ali madzi onyezimira,
oti ukawayang'ana ungati ndi ozizira.
Bodza. Madigiri mazana asanu ndi awiri, kuchotsapo pang'ono.
Chipande chizikhala chouma gwa.
Kadontho kamodzi ka madzi mmenemo
ndi komwe kanalemba chipsera pakhosi pa Radebe,
ndiye akamakukalipira m'Chizulu
ingogwedeza mutu.

Tsono penya.
Ndapopera mankhwala kuti chitsulo chisakakamire.
Nthunzi fooo. Chitseko. Batani.
Chipande chathira mumpope,
pisitoni yayamba kuyenda mwakachetechete
ngati munthu wonyamula beseni lodzaza
wosafuna kutaya,
kuti mpweya utsogole, upeze potulukira.
Kenako phaa!
Usanaphethire chafika paliponse,
m'timakona, m'timizere topyapyala ngati chikhadabo.
Pisitoniyo siibwerera msanga ayi.
Imatsindirabe,
imatsindirabe,
poti chitsulo chikamazizira chimakhwinyata
ndipo mpata wotsala uyenera kudzazidwa chisanaume.

Werenga mpaka makumi awiri.
Madzi akuyenda m'mitsempha ya chikombole
kukaba kutentha.
Chatseguka. Timisomali takankha chakumbuyo,
ndipo nachi: chivundikiro cha pampu ya galimoto
yomwe iwe ndi ine sitidzakwera.
Usachigwire, tenga chopanira.
Ndevu zili m'mbalizi akameta Refilwe pamakina ake,
zibwerera kung'anjo. Kuno satayako kanthu.
Timadontho tozungulirati
ndi pomwe anachikankhira potuluka.
Chilichonse chobadwira muno chili nato.

Ine moto sindiuopa kwenikweni.
Ndimaopa mpweya wotsekeredwa m'kati.
Kunja chosalala, cholemera bwino,
woyendera n'kuchidinda chidindo,
koma pakatha mwezi lole yabwera nacho:
chikudontha.
Akachicheka pakati, timabowo tokhatokha
ngati buledi wa dzana.
Tsiku limenelo bwana salonjera munthu.

Chaka cha khumi ndi chiwiri ichi.
Ndinatsika basi pa Park Station ndili madzimadzi,
wopita kulikonse komwe andipendeketsera.
Joni anayamba nane pang'onopang'ono:
kapisiweki ka m'munda wa mzungu ku Mondeor,
kachipinda kogawana anthu anayi ku Rosettenville.
Kenako phaa! Lendi, pasipoti yotha masiku,
wapolisi wofunsa dzina la chigongono m'chinenero chake,
maliro a agogo ako omwe ndinalira pafoni
nditabisala kuseri kwa ng'anjo iyi.
Anatsindirabe.
Ndinauma m'maonekedwe omwe ankafuna.
Amayi ako akandiona pachithunzi
amati achimwene mwasalala.
Sanandicheke pakati.

Zisiye izo. Magetsi akazima, usaime ngati chitsa,
thamangira kwa Radebe mukadzutse jenereta,
chifukwa chitsulo chikaumira mumphika
tidzachigoba ndi chizulo mpaka Lamlungu
popanda ovataimu.

Nyali yobiriwira yayaka.
Masekondi makumi asanu, china;
masekondi makumi asanu, china.
Akufuna mazana asanu kusanache,
ndipo mateksi a ku Bree akamayamba kuliza mahutala
mapewa ako adzakhala atakuuza dzina lawo.
Ima apa, osati apo.
Ukapopera, bweza dzanja, uliwone ndi maso kuti labwera,
ndiye ukhudze batani.
Zikhatho ziwirizo zimawomba m'manja usiku wonse
koma sizidziwa
kuti ndiwe mwana wa mlongo wanga.